Cheat code si likasa

Pali mlandu umene ana athu akuzengedwa popanda wowayankhulira, ndiye ndati lero ndiwayankhulireko ine. Mlandu wake ndi wa ma cheat code. Oimba mlanduwo ali magulu awiri. Gulu loyamba ndi inu aphunzitsi anzanga, amene mumati mwana wolowetsa cheat code mu gemu ya pafoni akuyeserera kubera, ndipo mawa lino tidzamugwira ndi likasa m'sokosi pa mayeso a MSCE. Gulu lachiwiri ndi ena mwa inu amene munadutsa m'manja mwanga, lero muli ndi ndevu ndi malaputopu, ndipo mumati amene wamaliza Contra ndi miyoyo 30 sanamalize Contra, ndi wamantha, asamatsegule pakamwa akatswiri akamakamba za magemu. Nonsenu mukulakwitsa, ndipo chakusokonezani ndi chimodzi: mwamva liwu lakuti cheat, basi mwatseka makutu.

Ndiyambe ndafotokozera anzanga amene zinthuzi amangozimvera kwa ana. Kale gemu iliyonse inkafuna makina akeake: NES, Mega Drive, PlayStation zolumikiza ku TV, kapena PSP ya m'manja. Emulator ndi pulogalamu imene imachititsa kompyuta kapena foni kunamizira kuti ndi makina amenewo, mwakuti gemu yakale ija imayenda osadziwa kuti yasamuka nyumba. Si zatsopano ayi. NESticle ndi ZSNES zinatuluka mu 1997, ePSXe mu 2000. Imene mumaiona m'mafoni a ana ndi PPSSPP, imene Henrik Rydgård wa ku Sweden anaitulutsa mu 2012 kuti izisewera magemu a PSP. Mukamva mwana akuti ali ndi PES pa PPSSPP, ndi zimenezo. Cheat code ndiye ndi timalemba ndi timanambala, kapena ndondomeko yodinira mabatani, imene ukailowetsa gemu imasintha khalidwe: sufa, zipolopolo sizitha, ndalama zimadzaza m'thumba, kapena umadumpha siteji imene yakukanika kwa sabata yathunthu.

Tsono funso langa ndi ili: waberedwa ndani? Kubera kumafuna anthu awiri, ndipo kumafuna pangano limene mmodzi waliswa mwakabisira. Pa bawo, ukabisa nkhomo m'manja kapena kudumpha dzenje mnzako akuyang'ana kumbali, wabera, chifukwa nonse munakhala pansi mukudziwa malamulo ndipo iye akukukhulupirira. Koma mkulu amene wakhala yekha pakhonde, akutapa nkhomo n'kuzibwezanso kuti aone kuti zikanatha bwanji akanayambira dzenje lina, ndani angamutche wakuba? Likasa ndi loipa chifukwa satifiketi ndi umboni umene dziko limaukhulupirira. Wobera akalowa ku yunivesite, pali mwana wina amene anawerenga usiku ndi koloboyi amene watsala kunyumba, poti malo ndi ochepa. Tonse tikukumbukira November 2020, pamene boma linaimitsa mayeso a MSCE ali mkati chifukwa mapepala anali atatuluka kale, ana n'kudzalembanso mu January 2021. Ngakhale amene sanaone pepala ndi limodzi lomwe analipira nawo miyezi ya moyo wawo. Kumeneko ndiye kubera, ndipo olira ake tikuwadziwa mayina. Nanga mwana akadzipatsa miyoyo yosatha pa Super Mario Bros ali pabedi pake Loweruka madzulo, akulira ndani? Bowser?

Ndikudziwa yankho lanu. Mukuti si za woberedwa, ndi za chizolowezi: wozolowera njira yachidule pa gemu adzaifunanso m'kalasi. Mawuwa amamveka anzeru akamanenedwa pa tiyi wa 10 koloko, koma tawaganizirani. Ife tomwe timagula mabuku a masamu okhala ndi mayankho kumapeto, ndipo timauza ana kuti funso likakukanika ona yankho, ubwerere m'mbuyo upeze pamene unasochera. Timawapatsa mapepala a zaka zam'mbuyo pamodzi ndi mayankho ake. Palibe amene amati tikuphunzitsa likasa. Mwana wa Fomu 1 amadziwa bwino lomwe kusiyana kwa kuona yankho kunyumba ndi kuliona m'holo ya mayeso. Bwanji tikuganiza kuti nzeru yomweyo imamuthawa akagwira foni?

Kwa inu akatswiri a ndevu, amene mumati cheat imanyoza amene anapanga gemu, tamvani kumene cheat code yotchuka kuposa zonse inachokera. Mu 1986 Kazuhisa Hashimoto, wantchito wa kampani ya Konami ku Japan, anapatsidwa ntchito yosamutsa gemu ya Gradius kuchoka pa makina a arcade kupita pa Famicom, yomwe kunja kwa Japan inkatchedwa NES. Ntchito yotere imafuna kuti uzisewera gemuyo mobwerezabwereza pofufuza zolakwika, koma Gradius inkamuvuta mwini wakeyo. Ndiye anadziikira kakhomo ka kuseri: mmwamba, mmwamba, pansi, pansi, kumanzere, kumanja, kumanzere, kumanja, B, A, ndipo chombo chako chimalandira zida pompo. Kakhomoko kanatsalira mu gemu imene inapita kumsika. Konami sinachite nako manyazi, inakaikanso m'magemu ena, ndipo pa Contra ya NES ya mu 1988 ndi komwe kamakupatsa miyoyo 30 m'malo mwa 3. Hashimoto anamwalira mu February 2020, ndipo dziko linamukumbukira chifukwa cha mabatani 10 amenewo. Ndiye inu mukuteteza ulemu wa ndani, pamene mmisiri mwini anadziumbira njira yachidule? Ndipo sanali yekha. Sonic the Hedgehog ya mu 1991 ili ndi njira yosankhira siteji imene Sega inaisiya momwemo. Magazi a Mortal Kombat pa Mega Drive mu 1993 ankatsegulidwa ndi A, B, A, C, A, B, B. Super Mario Bros yomwe mumaipembedzayo ili ndi mapaipi obisika mu siteji ya 1-2 okudumphitsa mpaka dziko lachinayi, ndipo ukafa kotheratu n'kugwira A podina Start umayambira dziko limene unafera.

Chinanso chimene mumaiwala n'chakuti kuvuta kwa magemu akale sikunali chiphunzitso cha kupirira ayi. Kunali kabokosi ka ndalama. Gradius ndi Contra zinabadwira pa makina a arcade, pomwe miyoyo ikatha umaponyanso kobiri. Wopanga gemu yotere amafuna kuti ufe msanga, monga mmene mwini kashopu ka magemu kumsika amakondwera wogonja akasiya pad kuti wina alipire. Magemu atalowa m'nyumba panabwera zifukwa zina. Super Mario Bros yonse ndi ma kilobyte 40 okha, yaing'ono kuposa chithunzi chimodzi cha pa WhatsApp, ndiye kuti gemu ya msinkhu umenewo ikhalitse, njira yosavuta inali kumupha wosewera kambirimbiri. Ku America kunalinso mashopu obwereketsa magemu. Louis Castle wa kampani ya Westwood, imene inapanga The Lion King ya mu 1994, anafotokoza poyera kuti siteji yachiwiri anailimbitsa dala chifukwa Disney sinkafuna kuti wobwereka afike patali asanaibweze, kuti akagule yake. Inu mwatenga chinyengo cha malonda mwachisandutsa mwambo wa chinamwali.

Ndiponso tinene chilungamo, inu amene mumanyadira kuti simulowetsa code. Pa emulator paja pali save state, batani losunga gemu pa sekondi iliyonse imene wafuna. Ndakuonani mukulidina musanalumphe dzenje lililonse, mukagwa n'kubwerera pomwepo. NES yeniyeni inalibe zimenezo. Ndiye kusiyana kwa inu ndi mwana wa miyoyo yosatha n'kotani? Iye wadina kamodzi, inu mukudina ka 200. Sindikukudzudzulani. Munthu ali ndi ntchito ndi ana, ali ndi mphindi 30 zokha asanagone, magetsi akhoza kuzima nthawi iliyonse, ndipo akusewera pa galasi la foni gemu imene inapangidwira mabatani enieni. Wina ali ndi dzanja lofooka, wina maso ake sathamanga ngati a mnyamata wa zaka 14. Onsewa ali ndi ufulu woona mapeto a gemu. Ndikungoti musadzikweze.

Nkhaniyi inafika ngakhale kukhoti, ndipo kawiri konse odana ndi ma cheat anabwerako manja ali m'khosi. Mu 1990 kunatuluka kachipangizo kotchedwa Game Genie, kopangidwa ndi Codemasters ya ku Britain, kogulitsidwa ku America ndi kampani ya zidole ya Galoob. Unkakalowetsa pakati pa cartridge ndi NES, n'kulemba ma code osapitirira atatu gemu isanayambe. Nintendo inapsa mtima, inati kachipangizoka kakupanga gemu yatsopano kuchokera pa katundu wake, ndipo inapeza chiletso cha khoti choimitsa malonda. Mu 1991 woweruza Fern Smith anagamula mokomera Galoob, mfundo yake yakuti munthu amene walipira gemu akhoza kuisewera mmene akufunira m'nyumba mwake. Khoti la apilo linavomereza mu 1992, ndipo Galoob inalandira madola 15 miliyoni ngati chipukuta misozi pa malonda amene inataya. Sega, yomwe inali mdani wa Nintendo pamsika, inangopereka chilolezo ku Game Genie popanda phokoso. Patapita zaka, Sony nayo inayesa mwayi wake ku Ulaya polimbana ndi Datel, kampani ya ku Britain yopanga Action Replay, pa gemu ya PSP yothamangitsa magalimoto yotchedwa MotorStorm: Arctic Edge. Pa 17 October 2024 khoti lalikulu la European Union linagamula kuti kusintha manambala amene gemu yasunga kwakanthawi mu RAM sikuphwanya lamulo loteteza pulogalamuyo, bola pulogalamu yeniyeniyo usaikopere.

Chimene chimandiseketsa ndi zimene zinatsatira. Nintendo yomweyo, mu September 2018, inayamba kupereka magemu ake akale a NES pa Switch kwa olipira, kudzera pa emulator yakeyake. Mu July 2019 inawonjezamo batani lobwezera nthawi m'mbuyo, kuti ukagwa m'dzenje ubwerere ngati sunagwe. Ilinso ndi mitundu ya magemu yolembedwa SP, monga The Legend of Zelda imene umayamba uli kale ndi ndalama ndi zida zimene ena ankazivutikira masiku. Chimene chinali mlandu chili m'manja mwa Galoob chasanduka malonda chili m'manja mwawo. Konami, kwawo kwa Hashimoto, inasintha PES kukhala eFootball mu 2021: kuitenga n'kwaulere, koma osewera apamwamba amapezeka ndi ma coin ogulidwa ndi ndalama zenizeni, ndipo timu imeneyo umakamenyera nayo anthu ena pa intaneti. EA inayamba zofananazo ndi Ultimate Team mu 2009. Ku Belgium boma linaona mu 2018 kuti mabokosi ogula osadziwa chili mkatimo ndi juga, ndipo EA inasiya kugulitsa ma point ake m'dzikomo mu January 2019. Taonani tsono: mwana wa bwana akagula timu ndi khadi la bambo ake n'kukachinya anzake zigoli, palibe mphunzitsi amene amadandaula. Mwana wosauka akalemba manambala pa gemu yakale ya iye yekha, ndiye tikuti khalidwe lawonongeka. Ngati mukufuna chinthu choti mude nacho nkhawa m'mafoni a ana, ndi mabokosi a juga amenewo, chifukwa amadya ndalama zenizeni ndipo ali pafupi kwambiri ndi kubetcha pa mpira kumene tikukuona kukumeza anyamata.

Koma mfundo imene yandikhazika pansi kuti ndilembe ndi ina, ndipo ikukhudza ntchito yathu. Kodi munafunsapo kuti cheat code imagwira ntchito bwanji? Tengani code yodziwika ya Game Genie pa Super Mario Bros, SXIOPO. Imaoneka ngati mawu a sing'anga, koma si matsenga. Game Genie ya NES imagwiritsa ntchito malemba 16 okha, A P Z L G I T Y E O X U K S V N, ndipo lemba lililonse likuimira nambala kuyambira 0 mpaka 15. Imeneyo ndi hexadecimal yomwe timavutika kuiphunzitsa pa bolodi ana akuyasamula. Ukamasula SXIOPO umapeza zinthu ziwiri: adiresi 91D9 ndi nambala AD. Pa adiresi imeneyo, mu gemu yeniyeni, pali nambala CE, lomwe ndi lamulo louza purosesa kuti ichotse 1 pa miyoyo ya Mario. Nambala AD ndi lamulo lakuti ingowerenga miyoyoyo osaikhudza. Ndiye purosesa ikafunsa cartridge kuti pa 91D9 pali chiyani, Game Genie imayankha m'malo mwake kuti pali AD. Mario amafa, gemu imayang'ana miyoyo, siichotsera, masewera amapitirira. Byte imodzi yokha pa gemu yonse. Cartridge siikhudzidwa n'komwe, ndipo n'chifukwa chake khoti linakana madandaulo a Nintendo.

Mtundu wina wa code, wa Action Replay ndi GameShark, umalemba nambala mu RAM mobwerezabwereza gemu ikuyenda, ndipo uwu ndi umene mwana angadzipangire yekha pa emulator. FCEUX, emulator ya NES ya pa kompyuta, ili ndi chida chofufuzira RAM. NES ili ndi ma byte 2048 okha a RAM, ndipo limodzi mwa timabokosi timeneti ndi mmene muli miyoyo ya Mario. Ntchito ndi kulipeza. Mwana amayamba ndi kufufuza mabokosi onse okhala ndi 3, poti pa sikirini palembedwa 3, amadzipha kamodzi, n'kufufuza amene asanduka 2. Ndipo salipeza! Chifukwa chake n'chakuti gemuyi imawerenga kuyambira pa 0: sikirini ikati 3, m'bokosimo muli 2. Apa ndi pamene mutu umayamba kugwira ntchito. Mwana wochenjera amasiya kufunsa kuti ndi bokosi liti muli 3, amafunsa kuti ndi bokosi liti latsika ndi 1 pamene ndinafa, ndipo silinasinthe pamene ndimangoyenda. Akabwereza kawiri katatu mabokosi amachepa mpaka kutsala 075A. Anzanga a sayansi, kodi zimenezi si zomwe timazitcha kuyesa ganizo, kusintha chinthu chimodzi zina zonse zili chimodzimodzi?

Zikomanso kutsogolo kwake. Mwana aliyense akapeza bokosilo, dyera limamuuza kuti alembemo nambala yaikulu kuposa zonse, FF, yomwe ndi 255. Mario amafa kamodzi, ndipo gemu imatha pompo. Wadzipatsa miyoyo 255 koma wafa ngati analibe ndi umodzi womwe. Chifukwa chake n'chakuti gemu ikachotsa moyo imayang'ana bit yoyamba kumanzere kwa byte ija, ndipo ikapeza 1 imaiona nambalayo ngati yotsika kuposa 0. Nambala iliyonse kuyambira 128 kupita mmwamba ili ndi 1 pamalo amenewo. Ine ndaphunzitsapo za manambala a negative mu binary ndi choko, ndipo ndikudziwa nkhope zimene ana amapanga. Mwana amene Mario wake wafa ndi miyoyo 255 sadzaiwala phunziro limenelo mpaka kukalamba, ndipo ndi iye amene amakutsatira panja kudzafunsa chifukwa chake. Ngakhale wa PPSSPP amene amangokopera ma code pa intaneti amakumana ndi phunziro lake: code imakana, ndipo amadzazindikira kuti gemu yake ndi ya ku Ulaya, nambala yake yoyamba ndi ULES, pomwe code ndi ya mtundu wa ku America, wa ULUS, ndipo ma adiresi ake ndi osiyana. Ameneyu waphunzira kuti pulogalamu ndi manambala okhala pa malo, chinthu chimene ena amamaliza nacho Fomu 4 osachimvetsa. M'sukulu zambiri makompyuta ndi owerengeka, ndipo ana amaloweza tanthauzo la RAM ngati vesi. Ndiye tikapeza mwana amene walowa yekha mu RAM ndi manja ake, tizimutcha wakuba?

Musandimve molakwa, malire alipo, ndipo ali pomwe ndinanena poyamba paja: pamene pali munthu wachiwiri. Mukakhala awiri pa Tekken kapena pa mpira, wina n'kuyatsa code mnzake osadziwa, kumeneko ndi kubisa nkhomo. Mukagwirizana nonse kuti lero tiyatse zonse tione chipwirikiti, palibe mlandu, paja nkhanga zinapangana kusanapse. Pa intaneti n'chimodzimodzi, ndipo amene amatsekeredwa akaunti chifukwa chobera anzawo sindimawamvera chisoni. Malire ena ndi bodza. Munthu wina wa ku America, Todd Rogers, ankati mu 1982 anamaliza mpikisano wa gemu ya Dragster pa Atari 2600 m'masekondi 5.51, ndipo mbiri imeneyo inakhala zaka zoposa 30, mpaka kulowa m'buku la Guinness. Anthu ena atasanthula malamulo a mkati mwa gemuyo anapeza kuti nthawi yochepetsetsa imene ingatheke ndi masekondi 5.57. Mu January 2018 bungwe losunga mbiri za magemu la Twin Galaxies linafafaniza zonse zimene anali nazo. Onani amene anagwira nkhaniyi: ndi anthu a mtundu womwewu, okonda kusuzumira m'mimba mwa gemu.

Osewera eni ake anaikonza kale nkhani ya malireyi kuposa ife. Mu 2003 kanema wa munthu wa ku Japan wodzitcha Morimoto, akumaliza Super Mario Bros 3 m'mphindi pafupifupi 11, anazungulira pa intaneti. Ambiri ankayesa ndi manja a munthu, ndipo atamva kuti anagwiritsa ntchito emulator, kuichedwetsa ndi kubwereza malo ovuta kambirimbiri, anakwiya. Chimene chinatsatira sichinali chiletso. Masewera otere anapatsidwa dzina lawolawo, TAS, ndi malo awoawo, ndipo aliyense woonera amadziwa chimene akuonera. Pa RetroAchievements, pomwe anthu amapikisana pa magemu akale kudzera pa emulator, pali njira ziwiri: ina yololeza save state, ina yotchedwa hardcore imene imatseka ma cheat, kubweza nthawi ndi kubwerera pa save state. Umasankha, ndipo zimene wasankha zimaoneka pa dzina lako. Ndi zomwezo zimene ndimayembekezera kwa mwana: ukamaliza God of War ndi moyo wosatha, nena kuti unamaliza ndi moyo wosatha.

Zoti ma cheat amatha kuwononga gemu, zimenezo ndikuvomera, koma wowonongekerwa ndi mwini yekha. Grand Theft Auto: San Andreas ya mu 2004 imachita kukuchenjeza ukafuna kusunga gemu utayatsa cheat. Pa PlayStation 2, amene anasunga atayatsa code yoti anthu a mumsewu azimenyana anadzapeza kuti siizimanso, ndipo atafika pa ntchito yopulumutsa Madd Dogg, woimba uja amadziponya pansi usanafike ndi galimoto, ulendo wonse n'kuthera pomwepo. Pa Pokémon ya Game Boy Advance code yolakwika imakuberekera dzira lotchedwa Bad Egg limene limangodya malo. Ndipo gemu imene sungafe imatopetsa msanga, ana amazindikira okha zimenezi pasanathe masiku awiri, n'kuzimitsa code popanda wowalalikira. Walira mvula walira matope. Chenjezo lokhalo limene ndimapereka ndi la masamba a pa intaneti olonjeza ma coin aulere ukapereka password kapena nambala ya foni. Amenewo ndiye akuba enieni.

Mwina wina ati nanga magemu amene ana amatsitsa pa intaneti osalipira? Funso labwino, koma ndi mlandu wina. Khoti la apilo ku America linagamula mu 2000, pa mlandu wa Sony ndi Connectix, kuti kupanga emulator pofufuza mmene makina amagwirira ntchito n'kololedwa. Kugawa magemu a eni ake ndi nkhani ina, ndipo opanga emulator ya Switch yotchedwa yuzu anavomera mu March 2024 kulipira Nintendo madola 2.4 miliyoni n'kutseka. Amene akufuna tikangane za zimenezo tidzakangane tsiku lake. Chimodzimodzi za mwana wogona 2 koloko usiku chifukwa cha foni n'kumasinza m'kalasi: vuto ndi nthawi, ndipo amasinza chimodzimodzi kaya anayatsa code kaya sanayatse. Foni m'kalasi ndimalanda ngati mmene mumalandira inu. Koma tikasakaniza milandu itatu m'poto mmodzi n'kuitcha kubera, mwana amaona kuti sitikudziwa chimene tikunena, ndipo tsiku limene tidzamuuze za likasa lenileni adzatimvera ndi khutu lomwelo.

Anzanga a Computer Studies ndi masamu, yesani izi teremu ikubwerayi mukafika pa binary ndi hexadecimal. FCEUX ndi yaulere ndipo imayenda ngakhale pa makompyuta okalamba a m'malabu athu, osafuna intaneti. Pali magemu a NES amene anthu amapanga masiku ano n'kumagawa ulere, ndiye za chilolezo zisakudetseni nkhawa. Gawani ana m'magulu, muwauze kuti gulu loyamba kupeza adiresi ya miyoyo lilembe pa bolodi mu hexadecimal, mu binary ndi m'manambala wamba, kenaka lifotokoze njira imene linadutsa. Piriyodi imodzi ya mphindi 40 imakwana. Ndipo inu akale amene muli ndi ma pad a USB ongogona m'madirowa, kusewera ndi kiyibodi kumawavuta a Fomu 3, ndipo kumene ndimapezeka mukukudziwa.